Njinga Yobiriwira

Tionge anatsika minibasi pa Kamwendo dzuwa litapendeka, mphepo ya mwezi wa Meyi ikuulutsa makoko a mtedza pamsewu. Kondakitala anamutsitsira matiresi, chikwama ndi ndowa yodzaza mbale, galimoto n'kupitirira ulendo wa ku Boma. Anali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo anamutumiza kusukulu ina ya kumudzi, cha kumapiri, kumene sankadziwako munthu ndi mmodzi yemwe.

Akabaza anamuunjirira. Uyu akukoka matiresi, uyo wanyamula ndowa, aliyense akuti njira akuidziwa ndi iye. Misozi inali italengeza kale m'maso mwake pamene mnyamata wina wamtali, wa mpata kumano, anatuluka m'sitolo ya mbewu ndi feteleza tsidya la msewu.

"Amwene, muphwanya katundu wa aphunzitsi," anatero mnyamatayo mosakweza mawu, ndipo akabaza aja anasiya.

Tionge anamufunsa kuti wadziwa bwanji zoti ndi mphunzitsi. Mnyamatayo anaseka, n'kunena kuti matiresi atsopano, ndowa yatsopano ndi nkhope yamantha sizinamiza. Dzina lake linali Eneya Mbewe, ndipo ankagulitsa m'sitolomo. Anasankha akabaza awiri amene ankawakhulupirira, anamanga yekha katundu ndi mphira, kenaka anapempha nambala ya foni kuti adzamve ngati afika bwino.

Tionge atangotsitsa katundu pakhomo la kanyumba kamene anamupatsa kusukulu, foni inalira.

"Mwafika bwino, aphunzitsi? Mapiriwo musawaope, saluma. Ndine Eneya."

Tionge anawerenga uthengawo kawiri. Aka kanali koyamba kumwetulira chichokereni kwawo ku Lilongwe.

Moyo wa kusukuluko unali wozizira ngati nyengo yake. Ana akaweruka, bwalo lonse linkangoti zii. Aphunzitsi anzake anali akuluakulu, aliyense ndi banja lake ndi dimba lake. Tionge ankakhala pakhonde n'kumayang'ana mapiri a m'malire aja akuda pang'onopang'ono. Kodi unyamata wake wonse udzathera pano? Amene ankamukumbukira tsiku ndi tsiku anali Eneya yekha, ndi timauthenga take tofunsa ngati wadya, ngati wafunda bwino, ngati ana sakumuvuta.

Loweruka lina Eneya anangotulukira pa njinga ya matayala ang'onoang'ono, yamagiya, imene ankati anagula ku Chipata. Anali atavala chipewa cholimba ndi kabudula wothina, moti ana a m'mudzi anamuthamangira akuseka. Iye sizinamukhudze. Anati anthu a pa Kamwendo amamutenga ngati wozungulira mutu, poti amapalasa njinga wopanda katundu, wopanda kopita. Koma iwo sadziwa, anatero, kuti kuseri kwa midziyi kuli misewu yabata imene munthu umayenda m'mawa wonse osakumana ndi galimoto, umangomva tcheni ndi mtima wako.

Tionge anaulula kuti njinga anaikwera komaliza ali ku pulayimale.

"Thupi siliiwala," anatero Eneya. "Mundidikire sabata yamawa."

Anabweradi, akupalasa yake, inayo akuikoka ndi dzanja limodzi. Inali njinga yachizimayi yobiriwira, ya belu lolira bwino, ndipo kaliyala wake anali ndi chipsera cha powotcherera. Eneya anati inali ya mchemwali wake amene anakwatiwa ku Zambia, ndipo inkangochita dzimbiri kwa amayi ake ku Boma. Anamuuza kuti aitenge ngati yake.

Tionge anaigwira mahandulo. Ndani anamuchitirapo zotere?

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lawo. Ankanyamuka mame asanaume, n'kulowa m'misewu ya dothi lofiira yodutsa pakati pa minda yokololedwa ndi zigafa za fodya. Ankatsikira m'madambo mmene anthu ankathirira tomato ndi mpiru, kuwoloka timilatho tamatabwa, n'kuyamba kukwera zitunda zolowera kumapiri. Eneya anamuphunzitsa kusagwira buleki ya kutsogolo pamchenga, kupuma ndi mphuno pokwera, ndi kusayang'ana pamwamba pa chitunda koma patsogolo pa tayala. Tionge anagwa kangapo. Nthawi zonse Eneya ankatsika, n'kumusasa fumbi m'zigongono mosamala ngati akugwira dzira.

Tsiku lina atafika pamwamba pa chitunda chachitali anakhala pamwala kuti apume. Pansi pawo minda inali itayalana mpaka kutali, utsi wa moto wolusa ukukwera apo ndi apo. Eneya anasenda nzimbe, n'kumupatsa kagawo ka kumunsi kotsekemera, kenaka anamugwira dzanja.

"Tionge," anatero, ndipo aka kanali koyamba kusiya kumutchula aphunzitsi, "moyo wanga wonse wakhala chitunda chokhachokha. Iwe ndiwe mtsetse wanga. Ndikakuona ndimasiya kupalasa, ndimangopita."

Tionge anaseka, n'kumuuza kuti anyamata ogulitsa m'sitolo ali ndi pakamwa potsekemera. Koma dzanja lake sanalichotse. Potsika phirilo anasiya mabuleki, mphepo ikumuomba kumaso, belu likulira lokha m'mabampu, ndipo anadziwa kuti wagwa m'chikondi.

Dzina lija linakhazikika. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji, Mtsetse wanga?" Nthawi zina ankalemba zambiri. "Duwa langa, lero sitolo yadzaza anthu koma ine ndikuona iwe wekha." Tionge ankawerenga ali kuseri kwa kalasi, n'kubwerera kwa ana nkhope ikuwala.

Mwezi wa Ogasiti Eneya analonjeza. Anali ataima pansi pa mkuyu waukulu pamphambano ina kumene ankakonda kupumira.

"Sukulu zikatsekera Khirisimasi tikwera limodzi minibasi, ndikaonekere kwa amalume ako. Sindikufuna chibwenzi cha m'misewu. Ndikufuna uzidzuka m'nyumba mwanga. Ndikakunamiza, miyendo iyi idzaume."

Tionge anamutseka pakamwa kuti asalumbire zoopsa. Madzulo ake anaimbira mayi ake, n'kuwauza mwamanyazi kuti kukubwera mlendo.

Pamphambano ya mkuyu ija panali njira ziwiri. Ya kumanja, imene ankadzera nthawi zonse, inkazungulira n'kubwerera kusukulu. Ya kumanzere inkakwera molunjika kutsinde kwa phiri lalikulu la m'malire, pakati pa mitengo ya masuku. Tionge ankailakalaka njira imeneyo. Koma akaitchula, Eneya ankati mlatho wake unakokoloka ndi mvula, njirayo ndi ya miyala yong'amba matayala, ndipo anthu a kumeneko ali ndi agalu olusa. Lamulungu nalo silinali lawo. Eneya ankati tsiku limenelo amakaona amayi ake ku Boma, amene ankadwala miyendo. Tionge ankangoona kuti wapeza mwamuna wosamala kholo.

Kamodzi kokha mtima wake unagunda mwachilendo. Masipoko awiri atathyoka, anapita nayo njinga pa Kamwendo kwa a Chande, bambo wachikulire wachisilamu amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. A Chande anaitembenuza, chala chawo n'kuima pa chipsera cha kaliyala chija. Anamufunsa kumene anaitenga. Atamva kuti ndi ya mchemwali wake wa Eneya, anapukusa mutu, n'kumangopotokola sipanala.

"Pali vuto, bambo?"

"Ayi, mwanangu. Ine ndimakonza njinga basi. Za anthu sindizitha."

Tionge atamuuza Eneya, iye anaseka kwambiri. Anati a Chande ndi okalamba, amayankhula mikuluwiko ngakhale pa chubu chophulika. Koma anawonjezera kuti njinga ikadzavutanso, adzikonza yekha, asamavutike kupita nayo pa Kamwendo.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, zinthu zinayamba kusintha. Eneya anati nyengo yogulitsa mbewu yakwana, bwana sakumulola kuchoka Loweruka. Mauthenga anafupika. "Ndatanganidwa, ndiimba." Ndipo sankaimba. Akabwera, ankangoyang'ana foni, maganizo ali kwina. Tionge anadzifunsa mafunso ambirimbiri. Kodi wamulakwira chiyani? Kodi watopa naye? Akamufunsa, Eneya ankamugwira masaya n'kunena kuti ndi ntchito chabe, Disembala ali pafupi.

Loweruka lina la mu Novembala anagwirizana kuti zivute zitani ayenda. Tionge anadzuka m'mawa, anapukuta njinga, anakazinga mtedza, n'kukhala pakhonde. Dzuwa linakwera. Kenaka foni inalira.

"Pepa wapamtima, lole ya feteleza yafika. Sabata yamawa ndithu. Usakwiye, umanyansa ukakwiya."

Anakhala kanthawi akuyang'ana njingayo. M'nyumba munali motentha ndi mwachete, ndipo anadziwa kuti akakhalamo alira tsiku lonse. Anavala buluku lake, anamanga chitenje m'chiuno, n'kunyamuka yekha.

Pa mkuyu paja anaima, phazi limodzi pansi. Kumwamba mitambo yakuda inali itayamba kusonkhana pamapiri. Anaganiza zoti akafike pamlatho wokokolokawo, akajambule chithunzi, amutumizire Eneya kuti aone kuti wophunzira wake wakula. Anakhotera kumanzere.

Njirayo inali yabwino kuposa zonse zimene anayendamo. Inali yosalala, yamthunzi, masuku akupsa atagwa m'mbali. Nyenje zinkalira m'mitengo. Anapalasa nthawi yaitali osakumana ndi munthu, kupatula mayi mmodzi wosenza nkhuni. Kenaka anafika pamlatho. Unali wa simenti, wolimba, wakale, ndere zitamera m'mbali mwake. Madzi anali asanaukhudzepo.

Anatsika, n'kuima pakati pa mlathowo. Kodi Eneya anasokoneza ndi njira ina? Mwina anangomva kwa anthu. Anadziuza choncho, koma chithunzi sanajambule. Anakweranso njinga n'kupitirira.

Chitunda chomaliza chinamumaliza mphamvu ndi madzi omwe. Pamwamba pake panali mudzi wogona m'tsinde mwenimweni mwa phiri, ndipo m'mbali mwa njira munali mjigo, amayi angapo akutunga. Anawapatsa moni mwaulemu n'kupempha madzi. Anamuyankha bwino, wina n'kumupopera. Koma akumwa anaona kuti macheza atha. Amayi onse ankayang'ana njinga.

Mayi wina wachikulire anatula ndowa, anayandikira, n'kuliza belu kamodzi. Kenaka anawerama kuyang'ana kaliyala.

"Njinga iyi mwaitenga kuti, mayi?"

Tionge anati anapatsidwa ndi mnzake. Mayiyo anangotembenukira kwa mayi mnzake n'kunena kuti akamuitane Dyna.

Mbiri m'mudzi sichedwa. Abambo anasiya bawo, anyamata anatuluka m'kanyumba ka kanema, ndipo posakhalitsa Tionge anali pakati pa chigulu. Mnyamata wina wojintcha, amene anzake ankamutchula Aleck, anagwira mahandulo n'kumuuza kuti asasunthe. Anamva mawu akuti wakuba akuyenda m'kamwa mwa anthu. Wina anati akuba a masiku ano ndi atsikana a mabuluku omwewa.

Kenaka anthu anapatuka. Mtsikana wa msinkhu wake ankabwera pang'onopang'ono, dzanja limodzi m'chiuno. Anali woyembekezera, wotopa, mapazi atatupa mpaka kusefukira m'patapata. Sanayang'ane Tionge. Anapita pa njinga, n'kusisita chipsera chija ndi chala.

"Ndi yanga," anatero motsitsa. "Anandigulira ndi malemu bambo anga nditalemba mayeso a Fomu 4. Apa anawotcherera ndi iwo. Amuna anga anati inabedwa pa Kamwendo tsiku la msika."

Tionge anafunsa kuti amuna awowo ndani.

"A Eneya Mbewe. Amagulitsa m'sitolo ya mbewu."

Tionge anagwira chitsulo cha mjigo. Eneya wake? Wa Khirisimasi uja? Anayesa kufotokoza kuti iye ndi mphunzitsi, kuti njingayo anamupatsa ndi Eneya yemweyo, koma mawu ake anamira m'phokoso. Anthu anati taonani bodza, akufuna kuipitsa dzina la mkamwini wabwino amene sajomba kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Aleck, amene anali mchimwene wake wa Dyna, anatulutsa foni. Anati nkhaniyi ndi yosavuta, amufunsa mwini wakeyo onse akumva. Anaimba, n'kukweza foni m'mwamba.

"Alamu, njinga ija yapezeka. Tagwira nayo mayi wina pamjigo pano. Akuti ndi a Tionge, aphunzitsi, ndipo akuti munawapatsa ndinu."

Kunali chete. Tionge ankamva phokoso la msika wa Kamwendo m'fonimo, ndi kupuma kwa munthu amene ankamudziwa kapumidwe kake pa chitunda chilichonse. Anatseka maso. Anapemphera kuti angonena zoona, ngakhale zowawa.

"Tionge?" anatero Eneya. "Ayi alamu, ameneyo ine sindikumudziwa. Mwina anagula kwa akubawo."

Zimene zinatsatira Tionge sanazione bwino. Wina anamukankha kumbuyo, anagwera pa simenti ya mjigo, bondo n'kuchubuka. Wina anakoka chitenje chake. Ena ankati apite naye kupolisi, ena ankati apolisi achedwetsa, athane naye pompo. Iye sanadziteteze. Ululu wa bondo sankaumva n'komwe.

"Musiyeni!"

Anali Dyna. Nthawi yonse imene foni inkayankhula, iye sankayang'ana foniyo. Ankayang'ana nkhope ya Tionge. Tsopano anaima pakati pa mlendoyo ndi anthu, mimba yake patsogolo, ndipo palibe amene analimba mtima kumudutsa. Anati njinga ndi yake, nkhaninso ndi yake, akufuna ayankhule naye yekha mayiyu. Anamugwira dzanja n'kupita naye kunyumba kwake, kanyumba ka njerwa zootcha kapafupi ndi mjigo, n'kutseka chitseko.

Mkatimo Tionge anaona zonse. Pakhoma panali chithunzi cha ukwati, Eneya atavala suti yotuwa, akumwetulira ndi mpata wake uja. Pa msomali panapachikidwa jekete imene anamufunditsapo tsiku lina kukuzizira. Pakona panali beseni latsopano, zitenje zopindidwa ndi tizovala ta khanda.

Dyna anamupatsa mpando, iye n'kukhala pamphasa movutikira. Anamuuza kuti amuimbire Eneya pa foni yake. Tionge anaimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. Ali chigwirire, uthenga unalowa, ndipo Dyna anatambasula dzanja. Tionge anamupatsa asanawerenge. Dyna anawerenga mokweza, mawu ake osasintha:

"Wapamtima, chonde ingonena kuti unagula pamsika. Ndidzakufotokozera zonse. Usandiphwasulire banja, mayiyo ali pafupi kuchira. Ndimakukonda, Mtsetse wanga."

Anabweza foni ija. Kutali kunagunda bingu.

Kenaka Dyna anayamba kuyankhula, osati mokalipa, koma ngati munthu wotopa. Anati njinga inasowa mimba ili yaing'ono. Analira sabata yathunthu, chifukwa chinali chinthu chokhacho chimene bambo ake anamusiyira, ndipo Eneya anamutonthoza, analira naye limodzi. Chichokereni njingayo, kusikelo ankapita wapansi, kutsika phiri ndi kukweranso. Mwezi wathawu anachita chizungulire panjira, n'kugona pansi pa mtengo mpaka anthu a ngolo anamutola. Atamuuza mwamuna wake, anayankha kuti akuba alibe chisoni.

Tionge anagwira pakamwa. Masiku amenewo iye anali kuti? Ankatsika mitsetse akuseka, belu likulira.

"Sindinkadziwa," anatero. "Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa."

"Ndaona. Munthu wodziwa sakanabwera nayo pamjigo wa kwathu." Dyna anapuma mozama. "Anakulonjezani chiyani?"

"Ukwati. Amati Disembala akaonekera kwathu."

Dyna anaseka kaseko kouma, misozi n'kutsikira pachitenje. Anati Disembala yemweyo ndi mwezi umene akuyembekezera kuchira. Anapukuta maso, anatenga kansalu n'kukaviika m'madzi a mchere, n'kumupatsa kuti atsuke bondo.

"Musaganize kuti ndakukondani," anatero. "Mwina mawa ndidzadana nanu. Koma sindingalole kuti akumenyeni chifukwa cha iye."

Anadzuka pogwira khoma, anatsegula chitseko. Anthu anali akadali pabwalo, Aleck atagwirabe njinga. Dyna anaima pakhonde n'kuyankhula momveka bwino kuti aliyense amve.

"Mayi awa si akuba. Wakuba njinga yanga ndikumudziwa, amadya m'mbale zanga Lamulungu lililonse. Achimwene, kawauzeni amalume kuti madzulo ano kuli nkhani."

Amayi anayang'anana, ena n'kugwira kukamwa. Amene anamukankha uja anazemba mwakachetechete. Aleck anayang'ana pansi, kenaka anapepesa kwa Tionge ndi mawu ochepa, n'kunena kuti amuperekeza pa njinga yake poti mvula ikubwera ndipo kusukulu n'kutali. Tionge anathokoza koma anakana. Sakanatha kukhala pa kaliyala wa munthu aliyense wa m'mudzi umenewo. Anachotsa kabotolo kake ka madzi pa njinga yobiriwira ija, anagwada pang'ono kutsanzika Dyna, n'kuyamba kutsika phiri wapansi, akutsimphina.

Njira imene anaikwera mosangalala inatalika. Mphepo inayamba kuwomba, masamba ouma akuuluka, ndipo atadutsa mlatho madontho oyamba anagwa, akuluakulu, onunkhira fumbi. Sanathamange. Analola kuti imunyowetse.

Ali pakati pa mitengo ya masuku anamva kulira kwa tcheni kutsogolo. Anali Eneya, akupalasa ngati wothamangitsidwa, wopanda chipewa, shati ya kusitolo itamatirira pathupi. Atamuona anagwira mabuleki mpaka tayala linaterereka. Anagwetsa njinga pansi n'kumuthamangira.

Anayankhula zambiri. Anati anachita mantha, alamu ake ndi munthu waukali, ndipo anakana dala kuti apeze mpata wokonza zinthu. Anati Dyna anamukwatira mokakamizidwa ndi makolo, chikondi chinatha kalekale, amangodikira kuti mwana abadwe. Anati njinga anaitenga chifukwa inkangokhala. Ataona magazi pabondo anagwada m'matope, n'kufuna kuligwira.

Tionge anabwerera m'mbuyo.

"Mtsetse wanga, ndiyang'ane. Ndiwe moyo wanga. Kwera, ndikakusiye kunyumba, tikakambirane ngati anthu. Lonjezo langa lija silinasinthe."

Tionge anamuyang'ana. Nkhope inali yomweyo, maso omwewo, mawu omwewo amene ankamudzutsa m'mawa uliwonse. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti mtima wake unkafunabe kukwera. Akanangotseka maso, n'kugwira m'chiuno mwake monga kale! Koma m'makutu mwake munkamvekabe phokoso la msika m'foni ija, ndi kachete kaja asanayankhe. Eneya anali ndi nthawi yoganiza. Anaganiza, n'kusankha kumusiya m'manja mwa chigulu.

"Akanandipha, mukanabwera kumaliro?" anafunsa.

Eneya anatambasula dzanja kuti amugwire.

"Pitani, a Mbewe. Akazi anu akukudikirani, ndi amalume awo omwe."

"Tionge, bwanji ukunditchula choncho? Ndine Eneya wako."

"Pepani bambo, ndipatseni njira. Paja simukundidziwa."

Anamulambalala, n'kulambalalanso njinga imene inali gone m'matope, tayala la kutsogolo likuzungulirabe. Eneya anamuitana kawiri. Kachitatu mawu ake anamezedwa ndi mvula.

Tionge anayenda osacheuka mpaka njira inakhota, mitengo n'kumubisa. Anakhala pa muzu wa msuku, anakumbatira maondo, n'kulira mokweza ngati mwana, poti panalibe womumva. Foni inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa akuganiza kuti ndi Eneya, koma anali mayi ake, akufunsa ngati mlendo uja amadya nkhuku yachikuda kuti ayambiretu kuisunga.

Anayang'ana uthengawo mpaka madzi a mvula anaphimba zilembo. Kenaka anapukuta foniyo ndi chitenje, n'kulemba pang'onopang'ono: "Musavutike amayi. Ndibwera ndekha."